Mapichesi 400 a Daniel Freeman

Kwathu ku Dedza, kumapeto kwa munda wa agogo anga aakazi, kuli mzere wa nkhadze. Anadzala ndi amuna awo, omwe pamudzipo anali mkamwini chabe. Chaka china ndili wamng'ono kunabuka mkangano wa malire ndi banja loyandikana nalo, mpaka nkhani inakafika kwa nyakwawa. Tsiku la mlandu anthu sanakhalitse pabwalo. Ananyamuka onse ulendo wa kumunda, agogo ali patsogolo ndi ndodo yawo, n'kukaima pa nkhadzepo. Agogo anangoti, "Iyi anadzala ndi bambo a anawa chaka chomwe tinabereka wachiwiri." Kenako analoza kumsitu wa manda: "Uko kwagona amayi anga ndi amayi awo." Mlandu unathera pomwepo, popanda wotulutsa pepala ngakhale limodzi.

Tsikulo labwereranso m'maganizo mwanga sabata zapitazi chifukwa cha pepala lina, lakale kwambiri, lomwe ndakhala ndikuliyang'ana pa intaneti usiku ana atagona. Ndi chikalata cha m'chaka cha 1868, cholembedwa pamanja, momwe anthu awiri akuchitira umboni mnansi wawo kuti wakhaladi pa malo ake ndipo wawagwirira ntchito. Mnansiyo ndi Daniel Freeman, munthu amene dziko la America limamutenga ngati woyamba kulandira malo aulere pansi pa lamulo lotchedwa Homestead Act. Ndine mwana wa mlimi, ndipo nkhani ya munthu ndi munda wake imandigwira mtima kulikonse komwe yachitikira.

Freeman anabadwa mu 1826 m'chigawo cha Ohio, n'kukulira ku Illinois. Anaphunzira zaudokotala ndipo anagwirako ntchitoyo m'tauni ya Ottawa, ku Illinois komweko. Mu 1861 dziko lawo linalowa m'nkhondo yapachiweniweni, zigawo za kumpoto kumenyana ndi za kummwera zomwe zinkakakamira ukapolo, ndipo iye anali mbali ya kumpoto. Nkhondo ili mkati, pa 20 May 1862, pulezidenti Abraham Lincoln anasayinira lamulo la malo lija. Linkati munthu aliyense wa zaka 21, kapena mutu wa banja, yemwe sananyamulepo zida kumenyana ndi boma, akhoza kutenga maekala 160 a malo a boma, omwe ndi mahekitala pafupifupi 65. Amangepo nyumba, alime, akhalepo zaka zisanu, ndiye malowo akhala ake. Ndalama zonse zolipira ku ofesi zinali madola 18 basi. Akazi osakwatiwa ndi amasiye ankaloledwa, obwera kuchokera ku Ulaya ankaloledwanso bola alonjeze kudzakhala nzika. Kwa ife amene timagawana ekala imodzi pakati pa ana asanu, maekala 160 amamveka ngati nthano.

Lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 1863, tsiku lomwelo lomwe chilengezo cha Lincoln chomasula akapolo a kummwera chinayamba kugwira ntchito. Nkhani yomwe Freeman ankasimba yekha ndi yakuti anali atawaona kale malo omwe ankawafuna, m'mphepete mwa kamtsinje ka Cub Creek, pafupi ndi katauni ka Beatrice ku Nebraska. Anafika ku Brownville, m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, komwe kunali ofesi ya za malo, koma ankayenera kubwerera msanga kuntchito ya usilikali, ndipo tsiku la chaka chatsopano ofesi sinkatsegulidwa. Usiku wa chisangalalo cholandira chakacho anakumana ndi kalaliki wa ofesiyo, namudandaulira, mpaka kalalikiyo anavomera kukatsegula 12 koloko itangodutsa. Dzina lake linalowa pamzere woyamba wa kaundula wa ofesi ya Brownville. Anali ndi zaka 36.

Anthu ambiri akamakamba za Freeman amathera pa usiku umenewu. Ine usikuwo sundikhudza kwenikweni. Aliyense wochenjera pakamwa angathe kunyengerera kalaliki. Chomwe ndimachita nacho chidwi ndi maso omwe anasankhira malowo.

Kuti mumvetse, ganizirani dziko lomwe mungayende tsiku lonse pa ngolo osaona mtengo. Udzu wokhawokha, wautali ngati tsekera, m'malo ena wobisa munthu woimirira, ukuweyuka ndi mphepo kuyambira pamene mwaima mpaka kumene thambo lagundana ndi nthaka. Mizu yake inalukana kwa zaka zikwizikwi moti khasu wamba silinkathandiza. Pankafunika pulawo yachitsulo yonga yomwe John Deere anayamba kupanga mu 1837, yokokedwa ndi ng'ombe zingapo zapagoli, ndipo oilima ankati mizuyo ikamaduka inkamveka ngati nsalu ikung'ambika. Omwe anapita kumadzulo kwenikweni, kopanda mitengo, ankadula nthaka yolukana ndi mizuyo m'zibuma zazikulu ngati njerwa n'kumangira nyumba. M'nyumba zoterozo munkafunda nthawi yozizira, koma mvula ikagwa masiku awiri denga linkadontha matope masiku atatu, ndipo mbewa ndi njoka zinkakhala m'makoma. Nkhuni kunalibe. Amayi ankatola ndowe zouma za njati ndi za ng'ombe, kapena zitsononkho za chimanga, n'kumaphikira.

Freeman sanadutse m'mavuto onsewa chifukwa anasankha ngati mlimi wodziwa. Malo ake anali ndi madzi oyenda chaka chonse, anali ndi mitengo m'mphepete mwa kamtsinjeko, anali ndi nthaka yakuda ya m'chigwa komanso mtunda wodyetserako ziweto. Ndipo anali kum'mawa kwa Nebraska, komwe mvula imagwa yokwanira. Agogo anga aamuna akanamuvomereza. Iwo akafuna kudziwa ngati munthu ndi mlimi sankayang'ana mizere yake ayi, ankafunsa komwe amatunga madzi.

Panalinso nkhani ya mkazi. Freeman anali atakwatirapo kale n'kubereka ana atatu, koma banja loyambalo linali litatha. Mchimwene wake James anali pa ubwenzi ndi mtsikana wina wa ku LeClaire m'chigawo cha Iowa, dzina lake Agnes Suiter, ndipo James anafera ku nkhondo ija. Daniel anayamba kulemberana makalata ndi Agnes, mpaka anamufunsira ukwati kudzera m'kalata momwemo. Anakwatirana mu 1865, mkaziyo ali ndi zaka za m'ma 20, n'kusamukira ku malo aja. Ndimamuganizira kwambiri mtsikana ameneyu. Anasiya kwawo m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi, kumene kunkadutsa sitima zapamadzi ndi anthu, n'kukalowa m'kanyumba ka zipika pakati pa udzu, ndi mwamuna yemwe ankamudziwa kwambiri kudzera m'zolemba zake, mbale wa munthu amene anamulira. Pamalopo anaberekera ana asanu ndi atatu, ndipo asanu ndi awiri anakula. Kaundula wa boma ali ndi dzina la mwamuna yekha, koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa amene ankadzuka m'mamawa kukoleza moto, kukama ng'ombe, kuchapa matewera m'madzi oundana.

Tsopano tibwerere ku pepala lija la 1868. Zaka zisanu zitakwana, munthu ankayenera kubwera ndi mboni ziwiri zolumbira kuti wachitadi zomwe lamulo linkafuna. Mboni za Freeman zinali anansi ake, Joseph Graff ndi Samuel Kilpatrick. Zolembazo ndi zopendekera, inki inazilala, koma zimawerengeka. Akuti anamanga nyumba, mbali ina ya zipika mbali ina ya matabwa, ya mafiti 14 m'lifupi ndi 20 m'litali, ndiye kuti mamita anayi ndi pang'ono kwa asanu ndi limodzi. Zitseko ziwiri, mawindo awiri, pansi pa matabwa. Akuti walima maekala pafupifupi 35. Wamanga khola la akavalo, khola la nkhosa lotalika mafiti 100, ndi nkhokwe ya chimanga. Ndipo kumapeto kwake akuti wadzala mitengo 40 ya maapozi ndi mitengo pafupifupi 400 ya mapichesi.

Pamzere umenewu ndinaima nthawi yaitali. Ife a ku Dedza mapichesi timawadziwa. Timadziwa kuti sudzala lero n'kudya mawa, kuti kamtengoko kamafuna kukatchingira mbuzi, kukathirira chilimwe, ndi kudikira zaka. Lamulo silinamuuze kuti adzale mapichesi 400. Nyumba ndi munda zikanakwanira. Panali ambiri omwe ankangofuna pepala kuti adzagulitse malo, ena mpaka ankachita chinyengo, kuimika kachisakasa n'kulumbira kuti ndi nyumba. Koma munthu wokumba maenje 400, limodzi limodzi, m'nthaka yomwe sinalimidwepo, wanena kale mumtima mwake kuti pano ndiye pomwe ndidzafere. Anadzalanso mpanda wamoyo kumalire a kummwera, wa mitengo yaminga yotchedwa Osage orange, chifukwa waya waminga unali usanafale. Joseph Glidden anadzalembetsa waya wake mu 1874. Nditaona chithunzi cha mpanda umenewo, ndinaona nkhadze ya agogo. Chikalata chomaliza cha umwini chinatuluka mu September 1869, m'nthawi ya pulezidenti Ulysses Grant.

Walira mvula walira matope. Mu 1874 dzombe linatsika kuchokera ku mapiri a Rocky n'kuphimba Nebraska, Kansas ndi zigawo zoyandikana. Linkabwera ngati mtambo wotchinga dzuwa, ndipo likatera chimanga chinkatha m'maola ochepa. Linkadya masamba a mitengo, makungwa a timitengo tanthete, zovala zoyanikidwa, mpaka kutafuna mipini ya zida komwe kunali thukuta la m'manja. Sitima zapamtunda zinkalephera kukwera zitunda chifukwa njanji zinkaterera ndi dzombe lopondedwa. Mabanja ambiri anamanga katundu n'kubwerera kum'mawa, ena anapulumukira chakudya ndi zovala zachithandizo. Katswiri wina wa tizilombo wa ku Missouri, Charles Valentine Riley, anawalangiza kuti dzombelo likhoza kudyedwa, ndipo analiphikadi n'kulawitsa anthu, koma ambiri zinawanyansa. Zimenezi zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mwana aliyense wa kwathu akanawaonetsa kuthothola mapiko ndi kukazinga ndi kamchere, ndipo ana awo akanagona atadya. Chodabwitsa n'chakuti dzombe la mtundu umenewu, lomwe linkauluka m'mabiliyoni, linatheratu padziko. Lamoyo lomaliza linaoneka cha m'ma 1902.

Kunalinso moto wolusa wa m'nyengo youma, womwe unkathamanga m'udzumo kuposa kavalo, moti anthu ankalima mizere yopanda kanthu kuzungulira nyumba ngati mmene ife timalambulira njira yotchinga moto. Kunalinso kuzizira komwe ife sitingakuyerekeze ngakhale ndi June wa ku Dedza. Pa 12 January 1888 kunacha bwino, kofunda, ana anapita kusukulu osavala zochindikala. Masana kunabwera chimphepo cha chipale chofewa mwadzidzidzi, moti munthu sankaona dzanja lake lomwe. Anthu oposa 200 anafa ku Nebraska ndi zigawo zoyandikana, ambiri mwa iwo ana omwe anasochera pochokera kusukulu, ena atatsala mapazi owerengeka kuti afike pakhomo pawo. Mwa anthu onse omwe analembetsa malo pansi pa lamuloli, omwe anafika polandira chikalata anali pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo ochuluka zedi anagonja zaka zisanu zisanakwane. Kumadzulo kouma maekala 160 sankakwanira kudyetsa banja, mpaka mu 1904 boma linakweza kufika pa 640 kumadzulo kwa Nebraska.

Freeman anapirira zonsezi, ndipo zinthu zinamuyendera. Anachoka m'kanyumba ka zipika n'kumanga ya njerwa. Ankachiritsabe odwala, ndipo anagwirapo ntchito ya mkulu wa apolisi wa boma la Gage komanso yofufuza za imfa zokayikitsa. Sanali munthu wofewa. Mu 1899 anadana ndi zoti mphunzitsi wa pasukulu ya boma yoyandikana nawo, Edith Beecher, ankawerenga Baibulo, kupemphera ndi kuimbitsa nyimbo zachipembedzo m'kalasi. Anamuuza kuti asiye, mphunzitsiyo anakana, ndipo komiti ya sukulu inaima mbali ya mphunzitsi. Freeman anakasuma, anagonja kubwalo laling'ono, koma sanatope mpaka bwalo lalikulu la Nebraska linamugamulira mokomera mu 1902. Ndikunena zoona, ine ndinakulira m'sukulu zomwe tsiku linkayamba ndi pemphero, ndipo mtima wanga uli kwa mphunzitsi uja. Komabe ndikumuona bwino nkhalamba ya zaka 76 yomwe yasemphana ndi mudzi wonse, anthu omwewo omwe amakumana nawo kuchigayo ndi kumaliro, chifukwa chokhulupirira kuti sukulu ya boma ndi ya ana a aliyense. Liuma lomwe linamukumbitsa maenje 400 ndi lomwelo lomwe linamufikitsa kubwalo lalikulu.

Pali funso lomwe sindingalithawe, ndipo landisowetsa mtendere kuyambira pomwe ndinayamba kuwerenga nkhaniyi. Boma la America linkagawa malo aulere, koma linawatenga kuti? Dera lomwe Freeman anadzalamo mapichesi ake linali la anthu a mtundu wa Otoe ndi Missouria. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'mphepete mwa mitsinje yomweyo, n'kumapita kosaka njati nyengo yake ikafika. Dzina loti Nebraska lenilenilo linachokera m'chilankhulo chawo, ndipo limatanthauza madzi athyathyathya, kunena mtsinje wa Platte. Mu 1854, zaka zisanu ndi zinayi zokha Freeman asanagogode pa ofesi ija, anthuwa anasayinitsidwa pangano lopereka dziko lawo, n'kupanikizidwa pa kachigawo kena m'mbali mwa mtsinje wa Big Blue, kummwera kwa boma lomwelo la Gage. Ndiye kuti pomwe Freeman ankalima, eni nthaka anali pafupi pomwepo, ulendo wa tsiku limodzi. Mu 1881 anachotsedwanso ngakhale pa kachigawoko n'kupita nawo kudera lomwe lero ndi Oklahoma. Anzawo a mtundu wa Pawnee anali atasamutsidwa kale m'zaka za m'ma 1870.

Anthu amenewa anali ndi manda awo. Anali ndi agogo omwe akanatha kuima ndi ndodo n'kuloza komwe kwagona amayi awo ndi amayi a amayi awo. Umboni womwe unapulumutsa munda wathu ku Dedza, kwa iwo sunamveke, chifukwa bwalo lomwe linkaweruza linkangomva chilankhulo cha pepala. Ife izi si zachilendo. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno kwathu, ankapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu a m'mapiri a Shire, pa malo omwe mafumu ankati angobwereketsa kwa alendo posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Zidzukulu za mafumuwo zinadzuka zili pa thangata m'minda ya makolo awo. Mwina n'chifukwa chake sindingathe kuwerenga pepala la Freeman ndi diso limodzi. Ndimaona thukuta lake, ndipo ndimalilemekeza ndi mtima wonse. Ndimaonanso kuti mboni ziwiri zija zinafunsidwa za zitseko, mawindo ndi mitengo, koma palibe amene anazifunsa kuti pamalopo pankakhala ndani kale.

Sindikumuimba mlandu wonse Freeman. Sanalembe pangano la 1854 ndi iye, ndipo akanapanda kutenga malowo akanatenga wina m'mawa mwake. Koma sindingamuchotsemonso m'nkhaniyo. Iye ndi anzake mamiliyoni ndiwo anali cholinga chenicheni cha mapanganowo. Malo onse omwe anagawidwa pansi pa lamuloli anakwana maekala pafupifupi 270 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse la United States, ndipo lamulolo linagwira ntchito mpaka 1976, ku Alaska mpaka 1986. Pakati pa olandirawo panalinso omwe anali akapolo dzana lake, monga omwe anamanga mudzi wa Nicodemus ku Kansas mu 1877, anthu omwe kwa nthawi yoyamba ankalima munda woti zokolola zake ndi zawo. Iwonso ankalima pa dziko lolandidwa kwa ena. Ndikamaganiza za iwowa mtima umandiwawa mbali zonse ziwiri.

Daniel Freeman anamwalira pa 30 December 1908 ali ndi zaka 82, kutatsala masiku awiri kuti pakwane zaka 46 chilembetsereni malo ake. Zithunzi za ukalamba wake zimaonetsa munthu wa ndevu zazitali zoyera zofika pachifuwa, maso akuthwa. Sanamutengere kumanda a m'tauni ya Beatrice. Anamuika pa malo ake omwewo, pa kamtunda koyang'ana kuchigwa komwe anamanga nyumba yake yoyamba. Agnes anakhalabe pamalopo zaka zina zoposa 20, ana ake ena atamanga nyumba zawo pafupi, mpaka anamwalira mu 1931 n'kuikidwa pambali pa mwamuna wake.

Mu 1936 pulezidenti Franklin Roosevelt anasayinira lamulo lopatula malowo kuti akhale chikumbutso cha dziko lonse. Imeneyo inali nthawi yomwe zigwa zija zinkalira ndi chilala ndi mphepo ya fumbi, nthaka yomwe inavulidwa udzu wake ikuuluka n'kudetsa thambo. Nthaka ya pamunda wa Freeman nayonso inali itaguga ndi kukokoloka. Kuyambira mu 1939 osamalira malowo anayamba kudzalanso udzu wachilengedwe pa maekala pafupifupi 100, udzu womwewo womwe iye anaugwetsa ndi pulawo, ndipo mpaka lero amautentha mwadongosolo kuti uphukenso bwino pa lupsa. Nyumba ya zipika kulibe, ya njerwa inapsa ndi moto mu 1916, ndipo munda wa mapichesi unatha kalekale. Wofika pamalopo amadutsa m'kanjira pakati pa udzu womubisa mpaka m'mapewa kuti akafike pa manda awiriwo. Kumalire a kummwera, mitengo yaminga ija idakali chiimire pamzere wake.